Ketulo Yobooka ya Lovenia

"Mwaba kumanda inu, bambo Voss! Ndi imvi zanu zonsezo, mwakaba kumanda!"

Corliss adalankhula mawuwo asadatsike n'komwe pa kagalimoto kamagetsi kamene ankazungulira nako m'tinyumba ta alendo m'mawa uliwonse. Adakasiya pakati pa njira, nsalu zoyala pabedi zili mulu kumbuyo, ndowa ikugubuduka pamchenga, iye n'kulunjika pakhonde la mkuluyo chala chili patsogolo.

Bambo Harlan Voss adali atakhala pampando wawo wopinda, khofi ali m'manja. Kwawo kudali ku Ohio, ntchito ya positi adapuma kale, ndipo chaka chilichonse kwawoko kukayamba kuzizira ankabwera kudzakhala m'kanyumba ka pachipata cha msasa wa alendo, pachilumba cha Pelot, m'gombe la Georgia. Ntchito yawo idali kulonjera ofika, kuwalozera pokhoma matenti, kugawa nkhuni ndi kukumbutsa anthu kuzimitsa moto. Adamuyang'ana mtsikanayo pamwamba pa magalasi.

"Kumanda ndili m'njira, mwana wanga, koma sindinafikeko. Walota chiyani?"

"Icho! Chili pamasitepe anucho!"

Pamasitepepo padali ketulo ya buluu, yokwekwesuka m'mbali, yodzaza mchenga, timaluwa tachikasu titaphukira pamwamba. Corliss adainyamula ndi manja awiri n'kuisuzumira kunsi. Mabowo a msomali adalipo, momwe ankawakumbukira muja. Chogwirira chidali chomanga ndi waya wa msampha wa nkhanu. Wayayo adamangapo ndi amayi ake, a Lovenia. Mabowowo adaboola ndi amalume ake, a Cato, pa tsiku la maliro, Corliss akuonerera ali kamtsikana koguluka mano.

"Mabowowo ndiwo anandikopa," adatero mkuluyo. "Ketulo yobooka kale, maluwa sangavunde mizu. Ndi yako?"

"Ndi ya amayi anga. Anaphikiramo khofi m'mawa wa tsiku limene anatisiya."

Pa Pelot, zidzukulu za anthu akuda amene adalima mpunga ndi thonje pachilumbapo kalelo sizilola wakufa kupita chimanjamanja. Chimene munthu adagwira komaliza, kaya kapu, mbale, nyali kapena botolo la mankhwala, chimamutsatira. Amachiboola kapena kuchiswa pang'ono kuti chisadzatumikirenso amoyo, n'kuchivundikira pamanda, zigoba zoyera za nkhono zitazungulira. Miyala pachilumbapo kulibe, ndipo mtanda wa thabwa chiswe chimaudya mvula isadagwe kawiri. Ndiye ketulo ndiyo dzina, ketulo ndiyo chipilala. Komanso kumanda si kowongolerako miyendo. Amapitako pokaika maliro ndi pa tsiku lolambula, kamodzi pachaka, basi.

Bambo Voss adaika kapu pansi. Nthabwala zidawathera.

"Corliss, mwendo wanga sunapondeko kumanda kwanuko, sindikudziwa n'komwe kumene kuli. Ketuloyi ndinaipeza m'thumba lobiriwira."

Matumba obiriwira adali nzeru za mayi Tillery, manijala wa msasawo, ndipo adayamba nyengo yomweyo. Mlendo aliyense akangotsika boti ankapatsidwa thumba. Akalidzaza ndi zinyalala zotola, ankalandira mtolo wa nkhuni waulere. Alendo adaikonda nkhaniyo ngati mpikisano, ndipo Corliss mwiniwake adaiyamikira, chifukwa nyanja inkalavulira pagombe mabotolo ndi zingwe za asodzi usiku ndi usana. Iyeyo ndiye ankatuta matumba odzaza kukawaunjika m'shedi ya padoko, kumene boti la zinyalala linkawatenga kumapeto kwa sabata kupita nawo kumtunda.

Mtsikanayu adali wa mtima wapachala, aliyense pachilumbapo ankadziwa, ndipo kusukulu adachoka msanga chifukwa cha pakamwa pomwepo. Koma mkwiyo wake udali ndi mdani mmodzi: funso. Akangokumana ndi chinthu chosamveka, moto unkazirala, maso n'kuyamba kuthamanga. Manda adali kutali ndi gombe, kuseri kwa nkhalango ya tikanjedza tothinana moti ngakhale nguluwe zinkalambalala. Khomo lake lidali limodzi, la kumudzi. Mlendo wa nsapato zoyera akadafikako bwanji?

"Thumbalo anabweretsa ndani?"

"Dikira ndikumbuke. Koma ukudziwa, zinyalala za mwezi uno zakhala zikundizunguza mutu. Kale zinali mabotolo ndi nsapato za phazi limodzi. Tsopano wina anabwera ndi wotchi ya pakhoma. Ndinkadzifunsa kuti ndi munthu wamtundu wanji amapita kukadya masangweji m'tchire atanyamula wotchi ya pakhoma."

Corliss adathamangira pa kagalimoto kaja.

"Kwerani," adatero. "Boti la zinyalala likunyamuka lero madzi akakwera."

"Nanga tinyumba? Alendo atsopano akubwera masana."

"Agone pansi. Kwerani, bambo Voss!"

M'shedi mudali fungo la nsomba zovunda ndi mafuta a injini. Corliss adaika ketulo pamwamba pa mgolo, n'kuyamba kumasula matumba n'kukhuthulira pasimenti. Loyamba lidali la mabotolo, zingwe, chidole chopanda mutu, zonse zamchenga wa m'nyanja. Lachiwiri chimodzimodzi. Kenaka adazindikira kuti matumbawo adali a mitundu iwiri: ena onyowa pansi ndi olemera mchenga, ena ouma, okhala ndi masamba ndi ndere zotuwa zonga ndevu zolendewera m'mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango. Adayamba kusankha oumawo. Mudatuluka kapu yopanda chogwirira, supuni yakuda, galasi la nyali ya parafini, timabotolo ta mankhwala tofiirira, mbale yosweka pakati bwinobwino ngati yochita kudula, ndi zigoba za nkhono zoyera mbee, zambirimbiri. Wotchi ija idatuluka m'thumba lomaliza, dzimbiri lokhalokha.

"Kodi malipiro achepa chonchi, mphwanga, mpaka wayamba kufwanthula m'zinyalala?"

Adali amalume ake, a Cato, amene ankayendetsa boti la zinyalalalo. Adaima pakhomo atanyamula chingwe paphewa, chipewa chili kunkhongo, akuseka ndi dzino lawo lagolide.

"Ndipo watengera ndi agogo a ku Ohio omwe? Bambo Voss, musamutsate uyu, anabadwa akukangana ndi mzamba."

"Malume, bwerani muone."

"Ine zinyalala ndimanyamula, sindiziona. Ukaziyang'ana zimayamba kununkha kwambiri."

"Bwerani muone, ndikutero."

A Cato adayandikira akadali ndi kumwetulira kuja. Maso awo adagwera pa wotchi. Chingwe chidatsetsereka paphewa n'kugwa pansi. Adagwada, munthu woti mawondo ankawavuta, n'kuitembenuza wotchiyo ndi chala chimodzi.

"Iyi ndi ya atate," adatero motsitsa. "Ndinaiimitsa ndine, ndi dzanja ili."

Kenaka adaona ketulo pamgolo paja, timaluwa tikugwedezeka ndi kamphepo kolowera pakhomo. Adavula chipewa.

"Matumba ouma oterewa mwawolotsa kangati, malume?"

"Sabata iliyonse chiyambire mwezi watha." Adapukuta pamphumi ndi chipewacho. "Ndawolotsa anthu anga ndi boti langa lomwe, n'kukawatsitsa kudzala. Ndinkayimba nyimbo m'njira."

"Ndinkakupatsirani ndine," adatero Corliss. Sadakonde kukoma kwa mawuwo m'kamwa, ndiye adafulumira kulankhula ena. "Basi, titenge zatsalazi tikabwezere. Inu mukudziwa aliyense pamene wagona."

A Cato adapukusa mutu.

"Ndinkadziwa ndi zinthuzi, mwana iwe. Mchenga susunga mtumbira, zaka zochepa pansi pamakhala pofanana ngati patebulo. Kale tinkayambira pa chimtengo chija, koma namondwe wa chaka chatha anachigwetsa, tinachidula n'kuchiwotcha. Chitsa chinakokoloka. Kuyambira pamenepo ndinkati: nayi wotchi, ndiye atate; kudzanja lamanja kwawo ketulo, ndiye Lovenia; kumiyendo kwake nyali, ndiye azakhali a Hagar. Ukachotsa zinthuzo, ine ndi mlendo ndife amodzi."

"Ndiye amayi ali pati?"

"Ali mommo. Koma pati penipeni, sindingakunamize."

Corliss adayang'ana ketulo ija. Chaka chilichonse, pa tsiku lolambula, ankayenda molunjika pa kadontho ka buluu pakati pa masamba, n'kukhala pansi, n'kuwauza amayi ake onse amene adamuyamba chaka chimenecho. Sadaganizepo zoloweza mitengo. Ankaloweza buluu.

Mwadzidzidzi adatembenukira kwa bambo Voss.

"Alipo mmodzi akudziwa. Amene anaizula."

Mkuluyo adatseka maso, chala chili pamphuno.

"Chipewa chachikulu cha udzu," adatero. "Miyendo yotupa ndi udzudzu. Mayi Renfro, a ku Macon, tenti yoyandikana ndi mpope wa madzi. Dzulo madzulo. Koma akuchoka pa boti la masana ano."

Atatuwo adapeza mayi Renfro akumanga katundu. Amuna awo, a Dale, adali pankhondo ndi tenti imene inkakana kulowa m'chikwama chimene idatulukamo. Mayi Renfro atangoona bambo Voss adakweza manja onse awiri.

"Mwabwera kudzandiveka mendulo? Dale, ndinakuuza, palibe anatola zambiri kuposa ine sabata ino. Nkhuni zatsala, tikusiyirani."

"Nkhuni zatsala chifukwa kunali kotentha ngati m'uvuni," adang'ung'udza a Dale, bondo lili pa tenti. "Ife kubwera kudzapuma, mkazi wanga n'kulowa ntchito ya khansolo."

Corliss adali atakonza kale mawu m'njira, mawu oti akadawotcha chipewa cha udzucho. Adawameza. Mayiyu adali ndi nkhope yozungulira, yosangalala, mankhwala apinki a udzudzu ali madonthomadontho m'miyendo, ndipo m'mutu mwake ndimo mudali njira yokha ya kwa Lovenia.

"Mayi, ketulo iyi mukuikumbukira?"

"Kalanga, mwabzalamo maluwa! Dale, taona. Inandivuta imeneyi, inali itamira m'dothi."

"Munafikako bwanji kumeneko?"

"Pa kanjira katsopano kaja. Kamayambira kuseri kwa zimbudzi, kali ndi tinsalu tofiira m'mitengo. Kokongola bwanji! Koma ukafika kumapeto, mtima umakupweteka. Pamalo pabwino ngati paja wina anakatayapo khichini yonse. Makapu, mbale, mabotolo. Anthu alibe manyazi, mwana wanga."

"Kanjira katsopano?" Corliss adayang'ana amalume ake. A Cato adakweza mapewa. Anthu a kumudzi sankazungulira kuseri kwa zimbudzi za alendo, ndipo iye ntchito yake inkathera pa tinyumba.

"Pali vuto?" adafunsa mayi Renfro. Kumwetulira kudayamba kuwathawa poona nkhope za anthu atatuwo.

"Pamene munaizula ketuloyi pagona amayi anga."

"Pagona...?"

"Ndi kumanda, mayi. Khichini ija ndi anthu."

Mayi Renfro adakhala pansi pa bokosi la zakumwa ngati wina wawatchera mwendo. Adagwira pakamwa. A Dale adasiya tenti, nayo n'kudzitambasulanso pang'onopang'ono.

"Panalibe mtanda," adanong'ona mayiyo. "Panalibe dzina. Ine ndimaphunzitsa ana kuti ukapeza malo, uwasiye oyera kuposa mmene unawapezera. Ambuye, ndinkachita kusangalala."

"Kulira mulire nthawi ina," adatero Corliss. "Pano ndikufuna maso anu. Mungapaloze?"

"Nanga boti?" adafunsa a Dale.

"Boti lipite, Dale."

"Mawa ndili ndi ntchito."

"Ndiye sambira." Adaimirira, n'kumanga chipewa chija kukhosi. "Tiyeni."

Kanjirako kadali kolambula ndi makina, kotakata moti anthu awiri akadayenda mogundana mapewa. Zitsa za tikanjedza zidali zisadaume. Corliss ankayenda patsogolo ketulo ili pachifuwa, akuwerenga malo ngati munthu wolowa m'nyumba yakwawo podzera pawindo: uwu mtsinje wamchere uja amaumva kumanja akamachokera kumudzi, tsopano uli kumanzere, awa mapaini aja amawaona kutsogolo, tsopano ali kumbuyo. Kanjirako kankalowa kumanda cha kumbuyo, mbali ya kunyanja, kumene akufa adalozetsa miyendo kuti aziona kotulukira dzuwa. A Cato ndi bambo Voss ankabwera pambuyo atanyamula matumba ouma aja.

Pamene mitengo idayamba kutalikirana, a Cato adatsokomola.

"Imani pomwepo nonse."

Adatula thumba, n'kuvula chipewa. Bambo Voss nawo adavula chawo. A Dale adavula magalasi adzuwa, posowa chovula.

"Abale," adatero a Cato mokweza, ngati akuodira pakhomo la munthu wogontha, "ndi ine Cato, ndili ndi mwana wa Lovenia. Tabwera ndi alendo. Pepani tadzera kumbuyo ngati akuba, njira si yathu iyi. Sitinabwere kudzatenga kanthu, tabwera kudzabweza. Tiloleni tilowe."

Adadikira. Mbalame ina idalira kudambo. Ndipo adavala chipewa n'kuponda.

Corliss adali asadaonepo kumanda kuli koyera chotero. Pansi padali masamba okhaokha ofiirira, osalala kuchokera uku kukafika uko, popanda kadontho koyera kapena ka buluu. Alendo adagwira ntchito ndi mtima wonse. Kumalire kokha, m'zitsamba, ndiko kunkaonekera chigoba apa, khosi la botolo apo. Ndipo pakati pa bwalolo padali zikhomo zathabwa zatsopano, zokhomedwa m'mizere, chilichonse ndi kansalu kofiira. Corliss adaziona, adaziika pambali m'mutu mwake, n'kutembenukira kwa mayi Renfro.

"Pati?"

Mayiyo adazungulira, adapita kumanzere, adabwerera. Thukuta lidali chuchuchu pansi pa chipewa.

"Dzulo dzuwa linali kwina. Paliponse pakufanana. Mwina apo... ayi."

"Musayang'ane mitengo," adatero Corliss. "Mitengo yatinamiza kale. Manja anu anachita chiyani? Munawerama, kenako?"

"Ndinaikoka, inakana. Inali yovundikira, theka lili m'dothi." Adatseka maso, manja akukoka mphepo. "Muzu! Muzu unali utalowa pa chogwirirapo, unakulunga ngati chala. Ndinakuitana, Dale, unandipatsa mpeni."

"Mpeni wanga wa nsomba," adatero a Dale. "Unabuntha nawo. Ine ndinali nditakhala pa chipika icho, nyerere zikundidya, ndipo ndinachita kukuponyera, sunali patali."

"Ndiye tifune muzu wodulidwa pafupi ndi chipikacho," adatero Corliss. "Gwadani nonse. Masamba muzikankha ndi manja, osati ndi mapazi."

Adagwada onse asanu, wapositi wopuma, woyendetsa boti, mphunzitsi ndi mwamuna wake wong'ung'udza, akukwawa pamchenga ngati nkhanu. A Cato ankapepesa kwa aliyense amene ankaganiza kuti amuponda: "Pepani azakhali, ngati ndinu. Ngati si inu, pepanibe." Bambo Voss adapeza chivindikiro cha botolo, a Dale adapeza nyerere zina. Corliss ankasesa pang'onopang'ono ndi chikhatho, mpaka chala chake chidagwera m'kadzenje.

Adauzira masamba. Mumchenga mudali mkombero wozungulira bwino, wakuya ngati chikhatho, m'mbali mwake mosalala, mkati mwake monyowa ndi tizingwe toyera ta nkhungu. Pambali pake padatuluka muzu wonenepa ngati chala, wodulidwa mopendekera, bala lake lidakali loyera.

Sadaitane munthu. Adazula timaluwa tija n'kutipereka kwa bambo Voss osawayang'ana, adakhuthula mchenga wa m'ketulo, adaitembenuza n'kuitsitsira mumkomberomo. Idalowa ngati phazi m'chidindo chake chomwe. Mlomo wa ketulo udagona m'kamzere kake. Muzu udakhudza waya pamene udali kale.

"Amayi," adatero. "Ndine. Muli ndi nkhani zambiri zoti mumve chaka chino."

A Cato adafika akupukuta m'maso ndi chipewa. Adayang'ana ketulo, adayeza ndi maso kumanzere kwake, n'kukankha masamba. Pamenepo padali chidindo cha dzimbiri, ndipo wotchi idabwerera kwawo. Galasi la nyali adaliika kumiyendo. Zidathera pomwepo. Kapu yopanda chogwirira, supuni, mbale yodulidwa, timabotolo, zidatsala pamwamba pa thumba, zopanda eni. Ndipo zina zidali kale tsidya, pansi pa zinyalala za mzinda wonse.

"Nanga maluwawa?" adafunsa bambo Voss, ali nawo m'manja ngati mwana wobadwa kumene.

"Lovenia maluwa sankawafuna," adatero a Cato. "Ankati chomera chosadyedwa ndi ulesi wa dothi. Koma bzalani, mwina uko anasintha."

Mkuluyo akukumba ndi zala, Corliss adakweza maso. Chikhomo chimodzi cha kansalu kofiira chidali pafupi ndi ketulo moti akadachigwira osadzuka. China chidali kutsidya kwa wotchi. Adatsata mzerewo ndi maso: zikhomo zinayi, bwalo la makona anayi, kenaka zina zinayi. Kukula kwake adakudziwa, ankakuona tsiku lililonse kumsasa. Adali malo a matenti. Amayi ake ndi agogo ake adali mkati mwa bwalo limodzi.

Kulira kwa kagalimoto kamagetsi kudamveka m'kanjira muja. Mayi Tillery adatsika atavala malaya a yunifomu osita bwino, wailesi yam'manja ili m'chiuno. Adali mayi wamtali, wogwira ntchito molimbika, wosakweza mawu, amene Loweruka lililonse ankagula nkhanu kwa akazi a Cato n'kufunsa za ana onse mayina. Adaponda m'bwalomo osaima, osapempha.

"Corliss, tinyumba sitinakonzedwe, alendo ali padoko ndi zikwama. A Cato, madzi ayamba kuphwa, boti lili pomwe lija. Chikuchitika n'chiyani kuno?"

"Mwaima pa munthu, mayi," adatero a Cato. "Sindikudziwa kuti ndani, koma mwamuimapo."

Mayi Tillery adayang'ana pansi, adasuntha phazi limodzi, n'kusowa poika linalo.

"Ano ndi malo a kampani. Oyeza malo anabwera, sanaone manda. Palibe mwala, palibe mpanda, palibe chikwangwani. Palibe anandiuza."

"Munafunsa ndani?" adatero Corliss, akudzuka. "Mumadziwa dzina la mdzukulu wa amalume wobadwa mwezi watha. Mumadziwa mtengo wa nkhanu. Simunadabwepo kuti anthu onsewa akafa amapita kuti? Amauluka?"

"Chepetsa mawu pamaso pa alendo."

"Alendowa agwada nane pansi. Inu simunaode n'komwe."

"Tikakambirane ku ofesi. Ngati pali cholakwika tichikonza mwadongosolo, koma mapulani a matenti sindinalembe ndine, ndipo matabwa afika sabata yamawa."

"Oyeza malowo anabwera liti?"

"Nyengo isanayambe."

"Ndiye anapeza zinthu zonse zili m'malo mwake. Wotchi, makapu, zigoba zoyera m'mizere. Anaponda pakati pake akukhoma zikhomozi. Inu munali nawo?"

Mayi Tillery adagwira wailesi ija, ngati kuti yalira. Sidalire.

Bambo Voss adadzuka pang'onopang'ono, akusasa mchenga m'mawondo. Nkhope yawo idali ya munthu amene wakumbukira chinthu chimene akadakonda kusachikumbukira.

"Mayi Tillery, mundikhululukire. Mwezi watha munandiuza kuti gombe layera mokwanira. Munati a matumba ndiziwalozera kanjira katsopano, kumapeto kwake kuli zambiri zotola. Ine ndinawalozera. Aliyense wotsika boti ndinamulozera."

"Ndinaona zinyalala, Harlan. Aliyense akanaona zinyalala."

"Ine ndinaona zinyalala," adatero mayi Renfro. "Koma ine ndakhala pano masiku ochepa. Inu muli pano zaka."

Kudoko kudamveka hutala ya boti la masana likunyamuka, ndipo a Dale adangopuma mozama.

Chodabwitsa n'chakuti Corliss sadafune kukuwa. Ankafuna kudziwa. Adamuyang'ana mayiyo kumaso, nkhope yotopa, yofiira ndi dzuwa, akufunafuna kuti aone chimene chili kuseri kwake: munthu amene adaona khichini yotayidwa, kapena munthu amene adaona manda n'kuzindikira kuti manda opanda zizindikiro ndi bwalo chabe, ndipo manja a alendo okoma mtima ndi aulere. Sadathe kuona. Zonse ziwiri zinkakwana pankhopepo, monga ketulo mumkombero wake.

Adawerama, adagwira chikhomo cha pafupi ndi amayi ake n'kuchigwedeza mpaka chidazuka. Adachitula pamapazi a manijalayo, kansalu kofiira kali pamwamba pa nsapato.

"Ku ofesi sindipita, mayi Tillery. Eni nkhani ali pano, ndipo akumva. Ndili ndi mafunso awiri okha. Pamene munaganiza za matumba obiriwira, munali mutaima kale pamalo ano kapena ayi? Ndipo sabata yamawa pano pagona ketuloyi kapena tenti? Musayang'ane amalume, musayang'ane wailesi. Yang'anani apa, pali Lovenia. Muyankheni."